Che Inayifusi

Matilda anangowerenga zimene zinali pa bolodi, basi. Mokweza, ngati mmene ankachitira ndi aliyense, chifukwa ku kosi ya aphunzitsi anamuuza choncho: munthu wamkulu akalemba kanthu, iwe werenga mokweza amve ntchito ya manja ake.

"I-na-yi-fu-si."

Kenako a Jimu, bambo wogulitsa usipa pa Ulongwe, munthu wa pakamwa posatseka, anafunsa nkhope ili siliyasi:

"Aphunzitsi, amenewo ndi mankhwala atsopano opopera thonje?"

Eee. Anthu anafa nako kuseka. Azimayi mpaka kubisa nkhope m'zitenje, mwana wina kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Matilda nayenso, tisanamizane, mano anaonekera. Pang'ono chabe, koma anaonekera.

Amene analembayo anali Che Sufiyani, mwalimu wa madrasa wa mudzi wonse, ndevu zoyera kale, munthu woti akamadutsa anyamata amatsika panjinga. Ndipo chimene analembacho linali dzina lawo. Zilembo zonse zinalipo, S, U, F, palibe chosowa, zoongoka kuposa za wina aliyense m'kalasimo. Kungoti iwo anayambira kumanja kwa bolodi n'kumabwera kumanzere, ngati mmene amalembera ku madrasa. Ndiye ukawerenga mmene anawerengera Matildamu, Sufiyani panalibe. Panali Inayifus, ka i komalizirako pakamwa panangoonjezera.

Che Sufiyani sanakalipe. Anaika choko pa tebulo bwinobwino, anapukutira zala pa mkanjo, anamuyang'ana Matilda, n'kunena mawu awiri okha.

"Sikomo, mwanache."

Mwanache. Mwana. Osati aphunzitsi.

Anatuluka. Amuna onse ovala kofia anadzuka mmodzimmodzi n'kuwatsatira. Mpaka a Jimu omwewo anatuluka, akupukutabe misozi, ataona kuti atsala okha pakati pa azimayi.

Izi zinali kwa Kalembo m'ma seventezi, nthawi imene Balaka inali isanakhale boma payokha ndipo mumsika sunkalowa wopanda khadi la chipani. Sukulu ya kwacha, ija ya akuluakulu, inkakumana masana ana a pulaimale akaweruka, azibambo n'kumadzipanikiza pa timabenchi tadothi mawondo ali kukhosi. Matilda anali mwana wa a Blasius, akatekisiti. Sitandade eyiti anakhoza, kusekondale sanamusankhe. Anabwereza, sanamusankhebe. Kalasi imeneyi ndi yokhayo inkachititsa kuti panjira azimutchula aphunzitsi, osati "uja anakanika uja".

Ndipo amuna aja sankabwerera Matilda ayi. Ankabwera chifukwa mwalimu akubwera. Mwalimuyo chinawabweretsa ndi chala. Kumsika wa thonje kalaliki wina anawagwira chala chachikulu ngati akugwira mwana wokana kusamba, kuchiviika mu inki, kudinda papepala, n'kuuza mnzake kuti, "Osaphunzirawa chaka chino achuluka." Munthu woti chitabu chonse, buku loyera la kumzikiti lija, chili m'mutu! Anabwerako chala chili bii, analumbira kuti chaka chamawa dzina adzalemba okha ndi zilembo za bomazo.

Ndiye taonani pamene zathera.

Dzina lija linayenda fasiti kuposa njinga. Kumjigo, kuchigayo, pamsika. Ana osakwana n'komwe zaka zoyamba sukulu ankabisala m'mapesi n'kukuwa, "Che Inayifusi!" kenako liwiro. Kalasi inatsala ya azimayi okhaokha, nawonso ena anayamba kujomba, eti amuna awo awaletsa.

Matilda ankaphika mkwiyo m'mimba tsiku lonse. Kukwiyira a Jimu. Kukwiyira mano ake. Koma kwambiri kukwiyira Che Sufiyani. Anawauza kangati kuti yambirani uku? Iwo, "Elo, elo," mutu ukuvomera, dzanja n'kulunjikanso kumanja. Ndi makani amenewo, Matilda anadziuza. Chifukwa ndine mkazi. Chifukwa ndine mwana wa akatekisiti. Akanakhala mwamuna wa tayi akanamva tsiku loyamba.

Ndi mmene anamupezera a Wadson, supavaiza wa sukulu za kwacha, amene ankabwera panjinga ya boma, mapini ali m'miyendo ya buluku. Anaima pakhomo, anayang'ana mbali ya amuna, mabenchi ali gwaa.

"Azibambo ali kuti?"

"Ali kuminda."

"Mu Ogasiti? Akulima fumbi?"

Azimayi anaweramitsa mitu. A Wadson anamuitanira panja, pansi pa mthethe.

"Nkhani ndaimva kale pa Ulongwe, usavutike kunama. Iwe Matilda, boma likulimbana ndi umbuli, iwe uli bizi kubalalitsa anthu. Ukudziwa mmene zimenezi zimamvekera zikafika kwa a tcheyamani a chipani?"

"Ine ndinangowerenga zimene analemba."

"Ndikabweranso ndikapeza mabenchi ali chonchi, kalasi ndikutseka. Bolodi ndikumanga panjinga, ikupita kwa Utale, kuli anthu ofuna sukulu. Kapena ukufuna zachidule? Ndiuze a Yufi, anyamata a chipani aja, akawatenge m'makomo. Mawa lomwe kalasi yadzaza."

"Iyayi!"

Anakuwa mpaka azimayi m'kati anasuzumira.

"Iyayi, a Wadson. Munthu wobwera ndodo ili kumsana agwira bwanji choko? Mwalimu akokedwe ndi anyamata amene anawaphunzitsa yekha?"

"Ndiye tsatira buku. Buku likuti kumanzere kupita kumanja. Akakanika, mgwire dzanja, umukokere."

"Ine mkazi ndigwire dzanja la mwalimu?"

"Imeneyo ndi pulobulemu yako," a Wadson anatero, akukwera njinga.

Matilda anatsala ataima, buku lili m'manja. Analitsegula, analitseka. Munali chithunzi cha khasu, cha mbuzi, cha mayi akusinja. Za munthu amene dzanja lake limakana munalibe olo mzere umodzi. Anafuna kuliponya pamwamba pa mthethe, koma linali la boma.

M'mawa mwake anapita kwa Che Sufiyani. Njira yonse ankayeseza kupepesa, mawu ofewa, maso pansi. Anawapeza pakhonde, ana a madrasa atawazungulira pamphasa, aliyense kathabwa kake pamwendo, akuimba zilembo zawo, alifu, baa, taa.

"Odi."

Palibe anayankha. Ana anangokweza mawu.

Matilda anayesanso. "Salaamu aleikumu."

Apo mwalimu sakanachitira mwina, moni umenewo sukanidwa. Anakweza dzanja, ana anati zii.

"Wa aleikumu salaamu. Mwabwera kudzawerenga chiyani lero, aphunzitsi? Dzina la akazi anga?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Pepesani."

"Pepani." Anakhala pansi kumapeto kwa mphasa. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bho. Koma mkwiyo uja unali utadzaza kale mpaka kukhosi, unangotuluka wokha. "Koma nanunso Che Sufiyani muli ndi makani! Ndinakuuzani kangati kuti yambirani kumanzere? Inu elo, elo, kenako n'kupanga zanu. Mukanamva, bwenzi zonsezi kulibe. Pano kalasi akuti atseka, bolodi ipita kwa Utale, ine ndibwerere kukasenda chinangwa kwa amayi, chifukwa cha inu!"

Ana anatsegula pakamwa. Munthu kuwalankhula mwalimu choncho anali asanamuonepo.

"Makani," Che Sufiyani anabwereza, ngati akulawa mawuwo. Anatenga kathabwa ka mwana wina, anakapukuta, analemba pamwamba timizere topindikapindika ta zilembo za ku madrasa, n'kukaika pamphasa patsogolo pa Matilda, ndi cholembera chake. "Ili ndi dzina lanu. Ma-ti-li-da. Koperani pansipo."

"Ine sindinabwerere zimenezi."

"Koperani. N'zophweka. Ana awa amatha."

Matilda anatola cholembera mwaukali. Anayang'ana timizere tija, anaika dzanja pakona ya kumanzere, n'kuyamba kukoka.

Kamtsikana kena kanaphulika kuseka. Enanso anatsatira, "Ayambira kumchira! Ayambira kumchira!"

"Chete!"

Liwu limodzi, khonde lonse linazizira. Che Sufiyani anatembenukira kwa Matilda.

"Mwaona? Dzanja lanu nalo lili ndi makani. Koma ine anawa ndawaletsa kuseka. Inu munaseka nawo."

Matilda nkhope inatentha ngati waiika pa mbaula.

"Tamverani, Abiti Blasius. Ine ndimadya ndi dzanja lamanja. Mumzikiti ndimalowa ndi phazi lamanja. Posamba kuti ndiswali, ndipemphere, ndimayamba kumanja. Nsapato, kumanja. Mkanjo uwu, mkono wamanja kaye. Kuyambira ndili ngati awa. Mukudziwa kumene ndimalowa ndi phazi lamanzere?"

Matilda sanadziwe. Ana onse ankadziwa. Kamtsikana kaja kananong'ona, "Kuchimbudzi."

"Kuchimbudzi. Ndiye inu mukuti dzina limene anandipatsa bambo anga ndiliyambe kumchiji, kumanzere, ngati ndikulowa m'chimbudzi? Ndinayesa. Musaganize kuti sindinayese. Mutu umamva, koma dzanja likafika pa bolodi limati ngwamba. Limakana."

Ndiye si chifukwa choti ndine mkazi, Matilda anaganiza. Ndipo zimenezi, m'malo momutonthoza, zinamukwiyitsa kwambiri. Makani akanatha kulimbana nawo. Koma ichi? Miyezi yonseyi bwanji osanena? Nanga iye bwanji osafunsa? Nanga aja analemba buku ku Lilongwe kapena kulikonse kumene analembera, sankadziwa kuti kuno kuli anthu otere?

Anaimirira, anasasa chitenje.

"Chabwino. Zilembo za boma sizitembenuka chifukwa cha inu. Muzikadinda chala chomwecho mpaka kale."

Anadziwa pomwepo kuti wapyola malire. Ndevu za mwalimu zinanjenjemera.

"Ajende," anatero motsitsa. "Pitani."

Anali atafika kale pa mtengo wa mango wa pabwalo pamene belu la njinga linalira. A Jimu, dengu la usipa kumbuyo, kudzasiya ndiwo kwa akazi a mwalimu. Mwina kunali kupepesa kwawo kumeneko, poti chichitikireni zija ankayenda mozemba. Anatsamiritsa njinga, anakwera pakhonde atawerama, n'kupereka dzanja, lamanzere litagwira chigongono. Che Sufiyani analandira mosafuna.

Matilda anatembenuka kuti awaponyere a Jimu diso loipa. M'malo mwake anaona dzanja la mwalimu. Linachoka kumanja, linadutsa pamimba, n'kukakumana ndi la a Jimu mbali inayo.

Sanaganize n'komwe. Anangokuwa.

"Imani! Musasiyane manja!"

Onse awiri anauma.

"Aphunzitsi mwayamba kujambula zithunzi?" a Jimu anafunsa.

"A Jimu, tatsekani pakamwa kamodzi kokha m'moyo wanu." Anabwerera chothamanga mpaka pakhonde. "Che Sufiyani, dzanja limene mwagwiralo ndi liti?"

"Lamanja. Nanga munthu amapereka moni ndi liti?"

"Lili mbali iti ya inu?"

Mwalimu anayang'ana pansi. Anayang'ana phewa la a Jimu, anayang'ana lawo.

"Mbali iti?"

"Kumchiji."

"Kumanzere kwanu! Tsiku lililonse, aliyense amene mwakumana naye, dzanja lanu limapita kumanzere kukapeza lamanja lake. Ndiye kuti mumakhala mukulowa m'chimbudzi?"

"Aaa, ine ndasanduka chimbudzi tsopano?" a Jimu anadandaula, koma palibe anawamvera.

Matilda mawu ankangobwera, osadziwa kumene akuchokera. "Bolodi ija yakuyang'anani ngati munthu. Pepala la kumsika chimodzimodzi, limakhala kutsogolo kwanu, maso ndi maso. Dzanja lake lamanja lili uku. Simukuyambira kumanzere ayi. Mukuyambira kumanja kwake. Mukulipatsa moni."

Che Sufiyani anasiya dzanja la a Jimu pang'onopang'ono. Anakanda ndevu. Kenako maso anawala moipa, ngati munthu amene wapeza bowo pa dengu la mnzake.

"Nanga chitabu? Nachonso chimandiyang'ana. Mukufuna kunena kuti zaka zonsezi chitabu ndimachiyambira kumanzere kwake?"

Mtima wa Matilda unagwa. Apa ndiye wadzikola yekha. Anayang'ana ana, anayang'ana timathabwa pamiyendo pawo, tonse titaloza kumene ana aloza.

"Chitabu si mlendo," anatero. "Chitabu ndi chanu. Chili mbali yanu, mumayang'ana nacho kumodzi, ngati anthu pamzere wa swala mumzikiti. Kumanja kwanu ndi kumanja kwake. Koma pepala la boma ndi mlendo. Limachokera kutsogolo."

"Mlendo wamwano," mwalimu anang'ung'udza.

"Wamwano kumene. Koma moni mumamupatsabe. Ine mwandiyankha uja, ndili wamwano."

A Jimu anatsegula pakamwa, anatsekanso okha.

"Zimenezi zili m'buku lanu lija?" mwalimu anafunsa.

"Iyayi."

"Mwazipeka pompano."

"Eya."

Che Sufiyani nkhope sinamasuke olo pang'ono. "Ajende," anateronso. Koma ulendo uno anaonjezera, "Ndiganiza."

Kuganizako kunatenga nthawi. Kalasi inakumana, amuna zii. Inakumananso, zii. Matilda anasiya kudya bwino, amayi ake akamufunsa ankangowakalipira. Ankadziuza kuti nkhalamba ija ikumulanga dala, ikufuna aone bolodi ikukwera njinga.

Tsiku limene a Wadson anabweranso, anafika molawirira, chingwe cha mphira atachikulunga kale pa keriyala. Anakhala kumbuyo, mbali ya amuna, yekhayekha pa benchi, miyendo atapingasa. Matilda anayamba kuphunzitsa azimayi ma, me, mi, choko chikulira pa bolodi chifukwa cha mmene ankachikanikizira.

Ali pa mo, pawindo panadutsa kofia. Kenako ina. Kenako zambiri.

Che Sufiyani analowa osaodira. Amuna anadzaza pakhomo kumbuyo kwawo, osakhala pansi, kudikira kaye aone. Mwalimu sanayang'ane a Wadson, sanayang'ane azimayi. Anatenga choko patebulo, anaima maso ndi maso ndi bolodi, anakonza kofia.

"Salaamu aleikumu," anauza bolodi.

Mayi wina kutsogolo anayamba kutupa masaya. Matilda anamuyang'ana diso limodzi lokha, kuseka kuja kunabwerera m'mimba.

Dzanja linanyamuka kumanja. Linaima m'malere, likufuna kwawo. Kenako linadutsa pamimba n'kukatera pakona inayo. S. Choko chinathyoka. Anatola chidutswa, anapitiriza. U. F. Thukuta linatsika m'ndevu. Palibe anatsokomola mpaka I womaliza.

Anatembenuka.

"Werengani, aphunzitsi. Mokweza ngati tsiku lija."

"Sufiyani."

"Tsiku lija munakweza kuposa pamenepo. Aja ali kumjigo sanamve."

"SU-FI-YA-NI!"

Anakuwa ndi mkwiyo wonse wa masabata amenewo, mpaka mbuzi panja zinabalalika. Mwalimu anagwedeza mutu kamodzi, anapita kukadzipanikiza pa kabenchi kawo. Amuna analowa onse, kukankhana, a Wadson mpaka anawasunthira kukona.

Supavaiza anadzuka, anabwera pafupi, n'kunong'ona, "Moni kwa bolodi? Zili pa peji iti zimenezi?"

"Mumafuna azibambo. Si awa?"

"Akabwera a ku boma asadzaone zamasewerazi."

"Akabwera adzandiuze okha zochita ndi dzanja lokana. Chingwe chanu chija mukamangire nkhuni, a Wadson. Bolodi siikupita kulikonse."

A Wadson anayang'ana mabenchi odzaza, anayang'ana mtsikanayo, anatola chipewa n'kutuluka. Belu la njinga linamveka likutalikira.

"Aphunzitsi," Che Sufiyani anaitana ali pa benchi. "Kathabwa kanu kaja ndasunga. Dzina lanu munalisiya lili ndi mchira wokha."

"Ndibwera," Matilda anayankha mwaukali, osawayang'ana. "Wina abwere kutsogolo."

Anadzuka Che Abdulaziz, telala wa pamsika, munthu wamanyazi. Anagwira choko ngati singano, analunjika kumanja kwa bolodi, n'kuyamba. A, kenako B kumanzere kwake, kenako D. Kalasi yonse inakoka mpweya. A Jimu anali atatsegula kale pakamwa, maso ali pa Matilda, kudikira kuti awerenge.

Matilda sanawerenge. Anatenga kansanza, anawapatsa m'manja.

"Che Abdulaziz, mwalowa osapereka moni. Tayambiraninso."